Leisi yophimba kumaso

Azakhali anga a ku Mtendere ankaluka leisi ndi singano imodzi ndi ulusi basi. Ankajambula maluwa pa katoni ya sopo, n'kugoneka ulusi m'mizere ya chojambulacho, kenako n'kumadzaza mipata ndi timfundo tating'ono ngati mazira a nsabwe. Ndinaphunzira kwa iwo ndi makofi, poti dzanja langa linali laphuma.

Atamwalira, tinapeza m'chitini cha mabisiketi leisi yomwe ankadzilukira yoti adzaphimbidwe nayo kumaso m'bokosi. Inatsala ngodya imodzi, singano ili chibayire. Kuika maliro kunali mawa lake.

Mayi wina wa kutchalitchi, mnzawo wa malemu, anandigwira mkono. "Iwe mwana, siya vamene ivo. Nyeleti ya munthu wakufa sibagwira. Ukasiliza nchito yake, azakupasa inangu."

Nyeleti yomwe ankanenayo inali singano ija. Koma ine mwano ndinabadwa nawo. Ndinati azakhali sangapite ndi nsalu yoperewera ngati munthu wopanda abale. Ndinakhala kuseri kwa nyumba dzuwa lili pamutu, azimayi akuimba m'kati, n'kuyamba kuluka.

Ntchito ya sabata yathunthu inayenda ngati madzi. Mfundo zinkagwa zofanana, zothina bwino, zomwe ine sindinalukepo chibadwire. Sindinamve ludzu kapena kutopa. Mayi uja atabwera kudzandipatsa madzi, kapu inamugwa.

"Unayamba liti kutunga na kumanzere?"

Ndinayang'ana. Singano inalidi kudzanja lamanzere, mmene ankagwirira azakhali. Ndinachita mantha, koma dzanjalo silinaime kufikira ngodya itatha.

Leisi ikatha, umadula ulusi wakumbuyo kuti ichoke pa katoni. Nditadula, ndinaona kuti makatoni anali awiri, osokeredwa pamodzi. Pa yapansiyo panali chojambula china, ulusi wam'mizere utagonekedwa kale. Azakhali anali a nkhope yotakata, koma ichi chinali chowonda, chachitali. Ndinachiika kumaso kwanga ndipo chinakwana kuyambira pachipumi mpaka pachibwano.

Tinawaika ataphimbidwa bwino, anthu n'kumayamikira luso lawo. Katoni inayo ndinalephera kuiwotcha. Zala zikayamba kuyabwa ndimaluka mzere umodzi, n'kubisa chitini pamwamba pa kabati. Ndimachita ulesi dala, koma dzanja lamanzere ulesi siliudziwa. Panopa kwatsala ngodya imodzi.