Mwala wa amake Mutinta

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la malata otentha ndi utsi wa makala onyowa, chifukwa kwathu ku Kanyama, mumzinda wa Lusaka, ntchito yawo inali yokhoma mbaula kuchokera ku migolo yakale, ndipo hamala yawo inkayamba kulira ife tikadali m'bulangete. Anali nkhalamba ya pakamwa powawa. Ankaweta abakha, mbalame zauve zomwe ankazikonda kuposa ife adzukulu. Chifukwa cha abakhawo sankalankhulana ndi mayi woyandikana nafe nyumba, amake Mutinta, amene tsiku lina anathyola mwendo wa bakha atamupeza akusamba m'beseni la matewera.

Zinali zaka zimene ufa unkasowa mu Lusaka monse. Mukamva kuti lole ibwera kusitolo, munkalawirira kukaima pamzere, ndipo lamulo linali lakuti thumba limodzi kwa munthu mmodzi, mwini wake ataima pomwepo. Amene anali ndi chomuitana kunyumba ankasiya mwala pamalo pake, n'kudzabweranso.

Amake Mutinta anali atangobereka mapasa. Amuna awo anali atachotsedwa ntchito n'kupita kumigodi kukasaka ina, osabwerako. Ana awo okulirapo tinkawamva kuseri kwa khoma akulira njala, ndipo amayi anga ankangokweza wailesi chifukwa nafenso tinalibe chowapatsa. Tsiku lina pamzere wa ufa, mayiyo anaima kutsogolo kwa agogo ndi ine, aliyense atayang'ana kwake. Dzuwa litakwera, Mutinta anabwera akuthamanga kudzanena kuti khanda limodzi likusanza. Mayiyo anatola mwala wosongoka, anauika pansi, n'kuthamangira kunyumba.

Posakhalitsa lole inafika. Mzere unagwedezeka, fumbi linabuka, ndipo mnyamata wina wogulitsa fodya m'misewu, amene anali kumbuyo kwathu, anaukankha mwalawo ndi phazi mpaka unagwera m'ngalande. Agogo anawerama ndi msana wawo wovutawo, anautola, anaupukuta pa buluku, n'kuubwezera.

"Ba mudala, mwala siudya nsima," anatero mnyamatayo. "Tili na njala ise!"

"Galu akabwela apa azaona mwala chabe," anayankha agogo. "Manje iwe uona chani? Bakha zanga nikazipasa vakudya zimapondana, yodwala imagona na njala. Aba ni bamake Mutinta. Ngati ndiwe bakha, baponde."

Anthu anaseka, koma ine ndinachita manyazi, ndipo ndinakwiya. Mayi amene anatithyolera bakha, lero agogo akumumenyera nkhondo? Mzere ukasuntha, iwo ankasunthanso mwalawo ndi dzanja, mpaka unakafika pawindo la sitolo. Wogulitsa anakana kupereka thumba popanda mwini wake, ndipo matumba anali atatsala oti n'kuwaona ndi diso limodzi. Agogo ananditsina khutu.

"Tamanga ukabaitane. Osaimilila panjila!"

Ndinathamanga ndikudumpha matope, ndikudziwa kuti tikabwerera tikapeza ufa utatha, wawo ndi wathu womwe. Amake Mutinta anabereka khanda limodzi kumbuyo, lina anandipatsa ine, ndipo panjira ponse ankangolira mwakachetechete.

Titakhota pakona ya sitolo, ndinaima. Mzere wonse uja, anthu anjala, otuluka thukuta, ena atabereka ana, unali chiimire kumbuyo kwa mwala. Agogo anali asanagule thumba lawo. Wogulitsa ankagogoda windo ndi kiyi. Mnyamata wa fodya uja ankatukwana mokweza, kutukwana agogo, mwala ndi dziko lonse, koma mapazi ake anali asanaudumphe. Atationa anakuwa kuti, "Fulumilani imwe bamayo, mwala wanu watilemesa!"

Mayiyo anagula thumba lawo, ifenso tinagula lathu. Sanathokoze ndi mawu, anangogwada pang'ono, agogo n'kuyang'ana kumbali ngati sakuwaona. Madzulo ake kuseri kwa khoma kunamveka mthiko ukugunda mumphika, kenako ana akukanganirana mbale.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo ndimamva anthu akudandaula kuti mavuto atisandutsa zilombo. Nthawi zina ndimavomera, pakuti ndaona zambiri. Koma sindivomera ndi mtima wonse. Ndinaona ndi maso anga anthu a m'mimba mopanda kanthu ataima padzuwa, chakudya chili pamphuno pawo, akudikira mayi amene panalibe.