Nkhuku ya Amalume ndi Theka la Radiyamu

Amene anandithetsera sukulu anali aphunzitsi athu a Jogalafe, ndipo nkhani yake inali samu imene analakwitsa ndi iwowo. Ndinali Fomu 2, m'zaka zija za Chitaganya, ndipo m'mudzi mwathu monse ku Mphunzi wofika ku sekondale ndinali ine ndekha. Mtima wanga unali wapachala, zimenezo sindikana.

Mzungu amene ankatiphunzitsa Kemisitiri anapita kwawo kutchuthi, ndiye a Jogalafewo anapemphedwa kuti agwirizire. Ankangotsatira kope limene mzunguyo anasiya. M'mawa wina wa mu Juni, nkhungu itakuta phiri, zala zitauma moti cholembera chinkatipulumuka, anatiuza za radiyamu. Anati ndi chitsulo chosowa chimene chimatulutsa cheza chosaoneka, ndipo potero chimadzidya chokha, maatomu ake n'kumasanduka zinthu zina. Pabolodi analemba kuti pakapita zaka pafupifupi 1,600, theka la radiyamu amene alipo limatha. Kenaka anatseka kope n'kuwonjezera za m'mutu mwawo.

"Zikapitanso zaka zina 1,600, theka linalo latha. Basi, radiyamu yense wapita."

Ndinakweza dzanja. "Aphunzitsi, mwalemba kuti theka la amene alipo. Kachiwiriko sikutha theka la wotsalayo, n'kutsala kotala?"

"Iwe, theka kuphatikiza theka ndi chiyani?"

"Ndi chathunthu."

"Nanga ukutivutitsiranji?"

Anzanga anaseka. Ndikanakhala pansi zikanathera pomwepo, koma ndinabwerezanso, mawu atakwera. Apo m'pamene ananena zimene zinandiwotcha.

"Masamu a kudambwe amenewo. Kwanu mumaphunzira kuvala nthenga, kuno timaphunzira kuwerenga."

Ambiri m'kalasimo anali ana a kumishoni, ndipo ankadziwa kuti kwathu n'kwa Gule. Wina kumbuyo anayamba kuimba ng'oma padesiki. Aphunzitsi anandiitana kutsogolo kuti ndilandire ndodo chifukwa cha mwano. Ziwiri ndinapirira. Yachitatu ndinaigwira m'malere, ndinaithyola pabondo, n'kuiponya pawindo.

Ahedi anandibweza kumudzi milungu iwiri. Anati ndidzabwere ndi mkulu wa kwathu, ndipo malo anga adzakhalapo pokhapokha aphunzitsiwo atalandira kupepesa kwanga.

Kumudzi ndinayamba kudzikayikira. Mwina wopusa ndinali ine. Tsiku lina ndinatapa chimanga chotong'ola chodzaza manja awiri. Njere ya chimanga ili ndi kamtima koyera mbali imodzi yokha, choncho ndinati iliyonse yogwa kamtima kali m'mwamba ikhale atomu yakutha. Ndinaziwaza palichero, n'kutola zakuthazo. Zinachoka pafupifupi theka. Ndinawazanso zotsalazo. Sizinathe. Panatsala kamulu, ndipo kamuluko kankachepa ndithu ulendo uliwonse, koma kankangotaya theka la kukula kwake kwa nthawi imeneyo. Ndinachita kasanu ndi kamodzi, njere zina zikadali palichero.

Mlongo wanga anandipeza ndili chogwada, ndikuyankhula ndekha.

"Amayi, bwerani mudzaone! Achimwene kusukulu kuja anakaphunzira kuombeza ula."

"Choka apa iwe."

"Tandiombezereniko, achimwene, ndidzakwatiwa ndi wa njinga?"

Ndinaseka, koyamba chibwerere. Koma mtima unalemera kuposa kale, chifukwa tsopano ndinadziwa kuti sindinalakwe.

Amalume, alongo awo a amayi, ndiwo anali mwini mbumba, choncho mlandu wanga unali wawo. Ndinayesa kuwaonetsa za chimanga zija. Sanayang'ane n'komwe.

"Mphwanga, mlandu wa mwana ndi wamkulu sitifunsa kuti wakhoza ndani. Timagwira nkhuku."

Anasankha thadzi loyera, lonenepa, n'kulimanga miyendo ndi luzi. Tinayenda wapansi Lamulungu lonse m'tinjira ta m'mphepete mwa Chongoni, nkhuku ili m'khwapa mwawo, iwo akundiphunzitsa pogwada ndi poyang'ana. Kwathu, wolakwiridwa akalandira nkhuku ndi manja awiri, nkhani yafa. Saitchulanso. Amalume ankakhulupirira kuti ndi momwe zilili kulikonse kumene kuli anthu.

Aphunzitsi anatilandira pakhonde la nyumba yawo. Ndinagwada, ndinapepesa chifukwa cha ndodo, ndipo kupepesako kunali kochokera pansi pa mtima. Nkhuku anailandira ndi manja awiri. Amalume anaomba m'manja, nkhope itamasuka. Kenaka aphunzitsi anati, "Chatsala n'chimodzi. Mawa aimirire pamaso pa anzake, anene kuti analakwa ndodo, analakwanso samu."

Amalume anadabwa, poti nkhuku inali italandiridwa kale, koma sanafune kutaya ulendo. "N'zazing'ono izo, bambo. Adzanena."

Atapita amalume kukapereka nkhuku kwa mayi a pakhomopo kuseri, aphunzitsi anandiyandikira n'kutsitsa mawu.

"Ndinakayang'ana m'buku lalikulu. Pamatsala kotala." Anayang'ana nsapato zawo. "Koma ine ndine munthu wakuda woyamba kupatsidwa kalasi ya sayansi pano. Azungu akungodikira kuti ndiphunthwe. Mzungu wanu akabwera adzakonza yekha. Iwe ungonena mawu awiri, sukulu yako ipitirire."

Zaka zonsezi, ndikulima mbatata ya kachewere m'munda wa amayi, ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewo. Munthuyo sananame za mantha ake. Anali ndi katundu amene ine pa msinkhu umenewo sindinkamuona, ndipo mwina mnyamata wofatsa akanawathandiza kusenza, n'kudzakhala dokotala. Nthawi zina ndimamusirira mnyamata ameneyo. Koma chimene ankandipempha sichinali kuwakhululukira. Ankafuna kuti anzanga onse aja alembe bodza m'makope mwawo, ine n'kukhala mboni yake, ndiponso kuti mawu aja a kudambwe akhale oona: mwana wa Gule sadziwa kuwerenga. Za kunyoza kwathu sanapepese, ngakhale monong'ona.

M'mawa mwake ndinaimirira kutsogolo kwa kalasi. Amalume anali panja pafupi ndi windo, chipewa chili m'manja. Ahedi anaima pakhomo. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndikalankhula zina, bokosi langa ndilinyamula tsiku lomwelo, ndipo amalume adzayenda njira yonse ija osandiyankhula. Chodabwitsa n'chakuti sindinapse mtima. Ndinatembenuka, kusiya anzanga, n'kuyang'ana aphunzitsi m'maso.

"Bambo, ndodo yanu ndinathyola, ndinalakwa, ndipo nkhuku munalandira. Koma samuyi sindinalakwe. Pamatsala kotala, ndipo inu mukudziwa, poti dzulo pakhonde panu munandiuza nokha. Ngati malo anga pano ndi ogula ndi bodza limenelo, apatseni ena."