Singano za ku China ndi Mphini za Alamu Anga

M'chipinda mwanga muli sutikesi yachitsulo, ndipo m'sutikesimo muli pepala lililonse limene linadutsa m'manja mwanga kuyambira pamene ndinayamba uphunzitsi. Makalata ondisamutsa sukulu alimo onse. Malisiti a fodya alimo. Mulinso pepala la wailesi imene inafa ana anga asanabadwe. Akazi anga amati tsiku lina chiswe chidzandithokoza. Ine ndimati munthu wopanda pepala amakanidwa masana dzuwa likuswa mtengo.

Pepala limene ndikufuna kunena pano ndi kalata imene ndinalemba ndili mlembi wa mpingo kwathu kuno ku Nsaru. Inali yoimitsa mayi wina pa mgonero kwa miyezi isanu ndi umodzi chifukwa chokatemetsa mphini kwa sing'anga. Mutu unkawavuta, uja wogunda mbali imodzi, ndiye anabwerako ndi mphini zitatu pafupi ndi khutu, zopakidwa zakuda, n'kumazibisa ndi duku. Dukulo linasuntha pa nthawi ya kwaya. Mayiwo anali alamu anga, akulu awo a akazi anga. Bwalo la akulu a mpingo linagamula, ine ndinalemba, ndinasaina, ndinadinda. Kalata yawo anayatsira moto tsiku lomwelo. Yanga ya kaboni ndinasunga.

Patapita zaka zoposa makumi awiri, madokotala a chipatala chachikulu m'tauni anandipeza ndi khansa ya m'matumbo. Anadula chidutswa cha thumbo, ndipo sanandionetse ngakhale ndinapempha. Kenako anati ndiyenera kulandira mankhwala a pa diripi maulendo asanu ndi limodzi, pakati pake pazipita milungu itatu. Dokotala wake, wocheperapo kwa mwana wanga woyamba, anandiuza kuti maulendowo ndi ofunika kutha onse.

Kuchokera ku Nsaru n'kukafika pamzere m'mamawa sikutheka kwa munthu wodwala. Tinayenera kumagona pafupi ndi msewu wa tala, ndipo wachibale yekhayo wokhala m'mbali mwa tala anali alamu aja, amene anasamukira ku Mpingu amuna awo atamwalira.

"Fikani, alembi," anatero tsiku loyamba. "Mphasa ndayala, koma ndi ya munthu wochimwa, kaya mugonapo."

Ndinagonapo.

Za diripi sindinena zambiri. Imalowa mwaulemu, dontho limodzi limodzi, n'kudikira kuti ufike kunyumba. Ikatero imatembenuza m'mimba ngati khasu pa mzere. Ndinali ndi kope limene ndinkalembamo nthawi iliyonse ndikasanza, ola ndi mphindi zomwe. Tsiku lina ndinalemba kasanu ndi kawiri. Mapiritsi oletsa nseru ndinkamwa mwa lamulo, iwo n'kubwerera athunthu. Fungo la anyezi linkandithamangitsa, la sopo chimodzimodzi, ndipo ndinene zoona, ngakhale la buku langa la nyimbo.

Ulendo uliwonse ankayamba ndi kundikweza pa sikelo. Pa ulendo wachiwiri dokotala uja anatenga cholembera chofiira, n'kulemba nambala m'buku langa la kuchipatala, n'kuijambulira mzere kunsi kwake.

"Agogo, mukatsika kupyola apa, diripi tiyamba taimitsa. Thupi silingapirire."

"Mukaimitsa, matendawo nawonso aima?"

"Ayi."

Ndinaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, kotero sindinafunikire kufotokozeredwa kawiri. Ndinkatsika kilo imodzi ndi theka pa ulendo uliwonse, ndipo pakati pa ine ndi mzere wofiirawo panali makilo awiri.

Panali nesi wina wa mawu ngati a kondakitala, amene ankanditchula kuti madala ngakhale ndinamuuza kawiri kuti ndine mphunzitsi wamkulu wopuma. Iyeyo ndiye anayambitsa nkhani yonseyi.

"Madala, Lachitatu kumabwera dokotala wa ku China kuchipinda chakumapeto uko. Amabaya tisingano. Ena nseru imawachepa."

"Amachiza khansa?"

"Ayi. Ya khansa ndi diripi yomweyi. Zijazi n'zoti muzidya basi."

"M'singanomo mumakhala mankhwala anji?"

"Mulibe."

"Nanga amabayiranji?"

"Kafunseni nokha, madala, ine ndili ndi anthu pamzere."

Ndinapita kukasuzumira. Pabedi panali bambo wina atagona chagada, singano zili njo m'miyendo, m'manja, ina pakati pamutu, ngati nungu. Ankaliza mkonono. Pakhoma panali chithunzi cha munthu wosavala, thupi lonse timadontho ndi mizere ngati mapu a misewu. Za thupi la munthu ndinaphunzitsanso, ndipo misewu imeneyo m'buku la boma munalibe. Ndinatseka chitseko pang'onopang'ono. Kuboola khungu la munthu pamalo osankhidwa, osathirapo mankhwala a chipatala, n'cholinga choti kwina kupole: chinthu chimenechi kwathu chili ndi dzina. Ndi mphini. Kuvala gauni yoyera sikusintha dzinalo.

Akazi anga anamva zonse zimene nesi ananena, koma anasunga mpaka titafika ku Mpingu. Anabwera ndi phala, ine n'kutembenuzira nkhope kukhoma, iwo n'kuima pomwepo mbale ili m'manja.

"Bambo, mungoyesako zijazi."

"Ndinasaina ndi dzanja langa kuti zoterezi n'zosayenera mkhristu."

"Munasaina za mutu wa achemwali. Izi ndi za mimba yanu."

Alamu anali pakhonde akusenda mtedza, ndipo khoma la nyumba yawo silisunga chinsinsi.

"Asiye, mng'ono wanga," anatero. "Akafika kumwamba akawaonetsa kaboni."

Vuto langa linali ili, ndipo ndikulilemba momwe linalili. Ngati singano zinali zololedwa, ndiye kuti kalata ija inalakwa, ndipo ndinamana mayi wodwala mutu mgonero popanda chifukwa. Ngati kalata inali yolondola, ndiye kuti pogona pabedi lija ndikanakhala ndikuchimwa ndikudziwa. Uku pepala liwonongeka, uku ine ndiwonongeka. Ndinasankha kuteteza pepala.

Pa ulendo wachitatu sikelo inaima theka la kilo pamwamba pa mzere wofiira. Ndinapempha kukwezedwanso nditavala nsapato, nesi uja anakana. Dokotala anati lero andipatsa diripi, koma ulendo wotsatira sakulonjeza. Akazi anga sanalire. Anangotenga jekete langa n'kuyamba kulipinda, kulifunyulula, kulipindanso. Takhala m'banja zaka zoposa makumi anayi ndipo ndinali ndisanawaonepo akupinda chovala chimodzi kanayi.

Ndinafunsa dokotalayo za singano. Anayang'ana pepala la magazi anga n'kunena kuti iye sakuletsa, bola ndisasiye diripi ndiponso ndisamwe mankhwala ena alionse osamuuza. Tsikulo linali Lachitatu. Ndinang'amba tsamba m'kope langa, n'kulemba mafunso asanu, n'kuuza akazi anga ndi alamu, amene anatiperekeza tsikulo, kuti ndikupita kukafufuza, osati kukabayitsa.

Dokotala wa ku China anali mayi wamfupi wa imvi, wa magalasi. Chichewa ankadziwa mawu atatu: gonani, pepani, ndi zikomo. Chingerezi chake ndi changa zinkakumana pakati pa njira. Ndinakhala pampando ngati momwe ndinkakhalira pa bwalo la mpingo, pepala pabondo.

Ndinafunsa ngati amatchula mizimu pobaya. Anati ayi. Ndinafunsa ngati pamafunika nkhuku, yoyera kapena yakuda. Anaseka mpaka kuvula magalasi, ine n'kulemba kuti ayi. Ndinafunsa chimene amapaka pabala, anandionetsa thonje ndi spiriti. Ndinafunsa ngati singanozo zinalowapo m'thupi la munthu wina. Anatsegula paketi yatsopano ine ndikuona, ndipo kachipepala kake ndinapempha, ndili nako. Funso lachisanu linali lakuti zimagwira ntchito bwanji. Anati aphunzitsi ake akale ankanena za njira zimene mphamvu imayendamo m'thupi, aphunzitsi ake ena ankanena za minyewa, ndipo iye chimene amaona n'chakuti ena amachepa kusanza, ena ayi. Pamenepo ndinalemba kuti yankho losakwanira.

Apa alamu anamasula chitenje n'kutulutsa kabokosi ka tiyi kolembedwa zilembo za ku China. Anagula pa msika wa Msundwe kwa munthu wa chimkuzamawu, amene ankati tiyiyo amachiza khansa, shuga, ndi banja lozizira. Alamu anali ndi cholinga chondithirira m'thobwa ine osadziwa. Dokotalayo anawerenga kabokosiko kutsogolo ndi kumbuyo, nkhope n'kusintha. Anati ndisamwe ngakhale kapu imodzi. Anati ngakhale zitsamba zakwawo zenizeni sangandipatse ndili pa diripi popanda kumvana ndi dokotala wanga, chifukwa zina zimalimbana ndi mankhwalawo. Ndinakondwa kawiri. Koyamba chifukwa alamu anapezeka olakwa pamaso pa mboni. Kachiwiri chifukwa sing'anga wokaniza munthu zitsamba ndinali ndisanamuonepo.

Ndinapempha kuti asaine pansi pa mayankho. Anajambula tizilembo tiwiri tonga mapazi a nkhuku pamatope. Chidindo analibe. Nesi uja anadindapo cha kuwodi kuti ndimuchoke.

"Gonani," anatero dokotala.

Ndinagona, pepala lili m'thumba la malaya.

Sizipweteka monga munthu angaganizire. Yoyamba analowetsa mkati mwa dzanja, pamwamba pang'ono pa pomanga wotchi, ndipo ndinamva ngati nyerere yaluma n'kusintha maganizo. Kenako kulemera kwinakwake kunayenda mpaka m'chigongono. Zina anabaya kunsi kwa mawondo, pamimba, ndi kumapazi. Alamu anaima pakhomo akuwerenga mokweza ngati akuwerenga mbuzi madzulo.

"Zisanu ndi zinayi, alembi. Zanga zinali zitatu, munandipatsa miyezi isanu ndi umodzi. Inu ndiye chaka ndi theka."

Masamuwo anali olondola, ndipo chimenecho n'chimene chinandiwawa kuposa singano.

"Alamu, izi sizisiya chipsera."

"Eya. Tchimo losasiya chipsera ndiye la akulu a mpingo."

Akazi anga anaseka, koyamba m'miyezi iwiri. Ndinafuna kuyankha, koma munthu wobayidwa pamimba sakhala ndi ulamuliro wa pa bwalo. Ndinatseka maso kuti ndikonze yankho labwino, ndipo amati ndinaliza mkonono. Zimenezo ndimakana, palibe pepala lake.

Chimene chinachitika pambuyo pake ndichilemba monga chilili m'kope. Tsiku lotsatira ndinasanza katatu. Linalo kawiri. Tsiku lachitatu lake kamodzi, ndipo madzulo ake ndinamva fungo la mbatata yootcha kuchokera kwa oyandikana nawo, m'kamwa n'kudzaza malovu. Ndinatuma akazi anga kukapempha. Ndinadya theka, ndinadikira ola lathunthu wotchi ili m'manja, mbatata sinabwerere.

Pano pali chinthu chimene chimandikwiyitsabe. Mlungu womwewo dokotala wanga anandisinthira mapiritsi a nseru. Munthu woganiza bwino sasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Lero sindingathe kunena kuti chinandithandiza ndi singano, kapena mapiritsi, kapena zonse, kapena manyazi osanza pamaso pa alamu. Nditamudandaulira dokotalayo anati iye chimene ankafuna n'choti ndidye, osati kuti kope langa likhale laudongo.

Ndinkapita kukabayitsa Lachitatu lililonse. Pa ulendo wachinayi sikelo inakwera kilo imodzi, popanda nsapato. Mzere wofiira sindinaukhudze. Maulendo onse asanu ndi limodzi ndinatha, ndipo tsopano ndimangopita kukapimidwa pakapita miyezi. Kuti khansa inapita kapena ikubisala, madokotala sanena motsimikiza, nanenso sindilemba chimene sindinapatsidwe pepala lake.

Nditabwerera ku Nsaru ndinakadzinenera ndekha ku bwalo la akulu a mpingo, n'kuwerenga mafunso asanu aja ndi mayankho ake. Ndinkayembekezera mtsutso wa maola awiri. Abusa anangoti tithokoze Mulungu, ndipo mkulu wina anafunsa ngati mayi wa ku Chinayo amabayanso msana. Mlembi wa masiku ano sanalembe ngakhale mzere umodzi. Umo ndi mmene mpingo wafikira.

Kunatsala alamu. Anandisunga pa mphasa yawo miyezi inayi, akutaya beseni langa popanda kudandaula, kupatula pakamwa. Tsiku lina anabwera kudzationa, ndipo nditawafunsa chimene ndingawachitire anayankha msanga ngati anakonzekera kale.

"Kaboni."

Ndinapempha masiku awiri. Pa tsiku lachitatu ndinatsegula sutikesi n'kuwapatsa. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, mpaka pa siginecha yanga. Ndinati mawu ena m'kalatamo anali olimba kuposa mmene zinafunikira. Pamenepo ndi pamene ndinafika, ndipo iwo anadziwa kuti sindipitirira.

"Mutu uja unasiya, mukudziwa?" anatero. "Kaya ndi mphini, kaya ndi ukalamba. Nanenso ndilibe pepala."

Anapita kukhitchini, n'kubwerako atapinda kalatayo ngati kanyanga, mkati atadzaza mtedza wokazinga wothira mchere.

"Idyani, alembi. Muthe wonse, ndikuona."

Ndinatha wonse. Pepalalo linanyowa mafuta mpaka chidindo kufufutika, ndipo iwo analitenga n'kuliponya pamoto.

Masiku awiri ndinapempha aja ndinakopera kalatayo ndi dzanja, mawu ndi mawu. Ili m'sutikesi, ndinaimanga pamodzi ndi mafunso asanu ndi kachipepala ka singano. Alamu sakudziwa. Akazi anga akudziwa, ndipo akuti ndikadzayambiranso kukana chakudya adzawauza.