Mzere wachinayi pa pepala la abwana

Mundikhululukire kuti munthu ngati ine ndagwira cholembera. Sukulu yanga ndi ya ku Kambombo, kumene tinkakopera za pa bolodi osafunsa kanthu, ndipo chizolowezi chimenecho chinatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito.

Kabungwe kena ka pa boma la Chama kananditenga pa miyezi itatu yoyesedwa, kuti ndizikonza mafomu a pa kompyuta olembera alimi. Mafomuwo tinkasunga ndi git, pulogalamu yokumbukira chilichonse chimene munthu wasintha. Aliyense amakonza pa laputopu yake, kenako n'kutumiza ku nkhokwe ya tonse.

Abwana, bambo wochokera ku Lusaka, anamata pepala la malamulo pakhoma. Ndinalikopera lonse m'kope langa. Mzere wachinayi unkati push, lamulo lotumizira ku nkhokweko, ikakana, wonjezera mawu akuti force. Sunanene kuti imakana chifukwa mnzako watumiza zake iwe usanazitenge, ndiponso kuti force imafafaniza zakezo.

Panali mayi wina amene ankagwira ntchito ku Chifunda. Netiweki kumeneko ndi ya mwayi, ndiye ankatumiza zake kamodzi pa milungu iwiri. Anatumiza m'mawa. Masana push yanga inakana, ine ndinatsata mzere wachinayi, ntchito ya mayiyo n'kufafanizika m'nkhokwe.

"Iwe wa ku Kambombo, ukuganiza ni khasu iyi?" anatero abwana pamaso pa onse. "Manje mwezi ukasila ubwerere ku munda."

Ndinkamuda munthu ameneyu, ndipo mpaka lero sindinaleke. Ndinakhala masiku anayi ndikuyesa lamulo lililonse pa mafomu abodza, kuwafafaniza dala, kuwabweza, mpaka ndinalemba pepala langa m'Chinyanja. Pa mzere wachinayi ndinalemba kuti: ikakana, yamba ndi pull utenge za mnzako. Force usaikhudze.

Abwana analiwerenga ataimirira, n'kuliika pansi pa kapu yawo ya tiyi.

Mayi uja anafika ali fumbi lokhalokha. Ntchito yake inali ikadali pa laputopu yake, koma mkwiyo anabwera nawo wonse. Anayamba ndi ine. Ndinamupatsa kope langa. Analiyerekeza ndi za pakhoma, mzere ndi mzere.

"Ba bwana, khalani apa," anatero. "Natumiza zanga manje. Imwe tsatani pepala yanu monga mwalembera, tione."

Push inakana. Abwana anayang'ana khoma, manja ali pa maondo.

"Mzere wachinayi uli apo. Kapena nikuwerengereni?" anatero mayiyo.

Abwana sanalembe force. Sanapepesenso. Mayi uja anakanganula pepala lawo, natenga langa lija, lili ndi chizindikiro cha kapu, n'kulimata pamalo pomwepo.

Mwezi unatha, palibe anandiuza kuti ndichoke. Kalata yonditenga abwana anaisaina osandiyang'ana, Lachinayi loyamba la Novembala, mvula yoyamba itagwa dzulo lake.