Mphesa za Kumpanda kwa Dona

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinayamba kuthandiza bambo anga ntchito ya m'dimba ku Randburg. Ine ndinabadwira ku Joni konkuno, koma bambo kwawo kunali ku Ntcheu. Anabwera kudzagwira ntchito mumgodi, ndipo chifuwa chitayamba kuwavuta anatulukamo n'kukalembedwa kwa dona wina wamasiye kuti azisamala maluwa ndi kapinga. Ankagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Ine ndi amayi tinkakhala ku Soweto, ndipo kwa bambo ndinkapitako pa holide pokha, mozemba, poti malamulo a nthawi imeneyo sankalola ana a antchito kugona kudera la azungu.

Donayo anakulira ku Kepi, pamunda waukulu wa mphesa wa banja lawo, kumene ankapanga vinyo woyera kuyambira nthawi ya agogo ake. Kwawoko ankakusowa kwambiri. Chaka china anabwera ndi timitengo ta mpesa atatikulunga m'chiguduli chonyowa, n'kuuza bambo kuti atibzale m'mbali mwa mpanda.

Bambo anali ndi dzanja. Chilichonse chimene ankabzala chinkamera, ndipo antchito anzawo mumsewu wonsewo ankabwera kudzawafunsa nzeru. Mipesayo anaisamala monga ankasamalira mbewu zonse: manyowa a nkhuku ochuluka, madzi m'mawa ndi madzulo. Ntchito yanga inali kukankha wilibala ndi kugwira payipi. Mipesa inakula mochititsa kaso, masamba aakulu kuposa chikhatho, nthambi mpaka kudumphira kwa aneba. Koma zaka zinkapita, chipatso ayi. Dona anayamba kudandaula, kenako anatchula zofuna munthu wina. Kwa bambo, kutha kwa ntchito kunali kuthanso kwa pasi yawo, chiphaso chowaloleza kukhala m'dziko muno, ndiye kuti kubwezedwa ku Malawi n'kutisiya ife kuno.

Pa Khirisimasi ina kunabwera mlongo wake wa dona, yemwe ankayendetsa munda wa ku Kepi uja. Anali wamtali, khosi lofiira ndi dzuwa, ndipo anabweretsa makatoni a vinyo wa kwawo. Masana, alendo ali pakhonde, dona anamutengera kumpanda kuja, tambula ili m'manja. Ine ndinali pomwepo ndikuthirira.

Mzunguyo anafukula pansi ndi nsapato, anatapa dothi, analinunkhiza, n'kuseka mokweza kuti apakhonde amve.

"Boyi, anakuuza ndani kuti mpesa ndi kabichi?"

Bambo nthawi imeneyo anali atayamba kale imvi. Ine ndinachita manyazi. Mzunguyo anapitiriza, akuyang'ana mlongo wake osati bambo. Anati kwawo mipesa ili pachitunda, m'dothi lamiyala, lowuma, losaoneka ngati lingabereke kanthu. Muzu umayenera kutsika pansi kukafuna madzi wokha. Ukaudyetsa kwambiri, mtengo umangochita masamba.

Ndinkayembekeza kuti bambo akhala chete n'kuchokapo. M'malo mwake anasendera pafupi.

"Nanga kudulira, bwana, mumadulira liti? Nthambi mumasiya yaitali bwanji?"

Mzunguyo anawayang'ana kanthawi. Anayankha mwachidule, koma bambo anafunsanso za miyala, kenako za mvula ya ku Joni, imene imagwa nthawi yotentha pamene mphesa zikupsa. Mapeto ake munthuyo anaika tambula paudzu, ananjuta, n'kuyamba kuwaonetsa pa nthambi pamene mpeni uyenera kudutsa. Alendo anachita kumuitana kuti chakudya chikuzizira.

Madzulo, tikutsuka fosholo pampopi, ndinalephera kudzigwira.

"Ababa, munthu uja wakutukwanani pamaso pa anthu. Inu n'kumamufunsanso mafunso?"

Anapitiriza kupala dothi pafosholopo. "Kodi za mpesa zija wanama?"

"Sindikudziwa."

"Sananame. Ine sindimadziwa. Chipongwe chakecho ndachimva, mwanawe, usaganize kuti sindinachimve. Koma chimenecho n'chake, abwerera nacho ku Kepi. Zadothi zija ndiye zatsala kuno ndi ine."

Ndinkaona ngati agonja.

Nyengo yozizira itafika bambo anadulira mipesa ija mpaka inatsala ngati ndodo. Anakumba m'mbali, anachotsa dothi lakuda lija n'kuthiramo mchenga ndi timiyala totsala kwa anthu amene ankamanga nyumba pafupi. Ine anandiletsa kufikako ndi payipi. Holide yotsatira ndinapeza timagulu ta mphesa tikulendewera, tobiriwira, tating'ono. Matalala anawononga zambiri, mbalame zinadyako zina. Zotsalazo zinangodzaza mbale imodzi, ndipo vinyo sanapangidwe ngakhale dontho. Dona analawa imodzi ali chiimire pakhomo la kukhitchini, kenako anati zikufanana ndi za kwawo. Nkhani yofuna munthu wina sinamvekenso.

Ndagwira unamwino zaka zambiri m'zipatala za mumzinda uno, ndipo ndadzudzulidwapo ndi anthu amwano, ena akunena zoona, ena ayi. Ndili mwana ndinkaganiza kuti pali njira ziwiri zokha: kumeza zonse, kapena kukana zonse. Bambo sanamukhululukire munthu uja. Mpaka imfa yawo sanamutchulepo mwaulemu. Koma sanalole kuti mwano wake uwalepheretse kuphunzira chimene ankafunika kudziwa kuti ife tisasowe bambo pakhomo. Tsiku limene ndinawachitira manyazi lija, iwo ankadziwa bwino lomwe chimene akuchita.