Tsiku Limene Ndinaphunzira Kumanga Tcheni

Mwana wanga woyamba sankalola kuti ndikhudze ngakhale sipanala yake. Ndikangoisuntha posesa pakhonde, ankadandaula ngati ndamutayira ndiwo. Ndiye Loweruka lija atandiitana kuti, "Mhamha, siyani zochapazo, bwerani muone mmene timasinthira tcheni cha njinga yamoto," ndinasiya zochapazo m'beseni. Ndinadziwa kuti akupita.

Tinkakhala m'dziko la eni, ku Glen Norah, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati. Anyamata ankangosowa m'makomo. Munthu ankachoka ngati akukaonera mpira, patapita miyezi n'kumva manong'onong'o kuti anawolokera ku Mozambique. Sankauza makolo, chifukwa kholo lodziwa kanthu ndi limene apolisi ankalifinya.

Njinga yamotoyo inali ya bambo ake, yopitira kufakitale ku Southerton. Makina a kumeneko anawadula chala chachikulu ndi chamkombaphala kudzanja lamanzere. Kuyendetsa ankatha, koma kutsina tizitsulo ting'onoting'ono ayi. Zoterezo zonse ankachita ndi mnyamatayu, yemwe ankagwira ntchito kwa makaniko wina ku Machipisa. Tsikulo bambo ake anali kumsonkhano wa kutchalitchi, ndipo iye analisankha dala.

Anabwera ndi tcheni chogwirapo kale ntchito, poti zatsopano zinkasowa m'masitolo zaka zimenezo. Anachitsuka m'parafini, kenako n'kuchiwiritsa m'girisi, m'chitini, pa pulaimasi yanga yophikira tiyi. Likanakhala tsiku lina, ndikanalalata mpaka a kutsidya kwa msewu atatuluka. Ndinangokokera mpando pafupi.

Anamasula nati ya wilo lakumbuyo, n'kulikankhira patsogolo kuti tcheni chakale chilende. Anandionetsa pamene tcheni chimalumikizana, pomwe pali kachitsulo kophwatalala kooneka ngati kausipa, kotseka kumutu, kotseguka kumchira. Anakachotsa ndi pulayala. Kenako anakoletsa tcheni chatsopano kumapeto kwa chakalecho, n'kundipatsa mbali inayo kuti ndikoke. Ndikukoka chakale, chatsopano chinkachitsatira, kulowa chokha m'mano a kagudumu ka ku injini popanda kutsegula chivundikiro. Nzeru yake inali yokoma, koma ine ndinadana nayo.

"Nkhondoyi si yathu," ndinatero motsitsa mawu, poti khoma la anansi linali lopyapyala. "Kwathu ndi ku Dedza. Anthu omwewa amatinyoza pampopi kuti ndife mabwidi, anthu obwera. Iwe ukawafere iwowo?"

"Ndani wanena za nkhondo, Mhamha?" anayankha osandiyang'ana. Patapita kanthawi anati, "Ku Dedzako ine sindinapondeko. Mchombo wanga munaukwirira ku Fiyo, m'tauni mom'muno. Gwirani apa."

Anakumanitsa nsonga ziwiri za tchenicho pa mano a gudumu lakumbuyo, n'kulowetsa cholumikizira. Kunatsala kausipa kaja. Anandipatsa pulayala, nati mutu wake uziyang'ana kumene tcheni chimathamangira, mchira kumbuyo.

Ndinakaika chozondoka. Anaseka, anakachotsa, n'kufotokozanso. Ndinakaikanso chozondoka. Ine amene ndinkasoka madiresi a ukwati popanda pepala, ndinadzisandutsa chitsiru dzuwa likuswa mtengo. Ndinati maso anga sakuona, ndinati izi ndi za amuna, ndinagwetsa kachitsuloko m'fumbi kuti tikafunefune. M'mutu mwanga ndinkati mwana ameneyu sangasiye bambo ake opanda wowamangira tcheni. Ndikalephera lero adikira Loweruka linalo, ndikalepheranso adikira lina, mpaka nkhondo idzathe yokha.

Kuseka kuja kunatha.

"Mhamha, chonde," anatero. "Mukakaika chonchi kadzathothoka pamsewu. Tcheni chidzakola wilo, baba adzagwa kutsogolo kwa basi pa Lochinvar apo. Ine ndizikagona ndi maganizo amenewo kulikonse ndingakhale."

Pamenepo ndinazindikira kuti sindikumugwira ayi. Kupita apita ndithu. Chimene chinali m'manja mwanga n'chakuti apite ndi mtima wolemera kapena wopepuka. Ndinapukuta misozi ndi phewa, ndinatembenuza kachitsulo kaja, ndinakafinya ndi pulayala mpaka kanalira kuti tche. Palibe ntchito ina imene inandipwetekapo chomwecho.

Tinabweza wilo, tinamanga nati. Anandigwira chala n'kuchikankhira pa tchenicho kuti ndimve mmene chiyenera kulendera, chisathine, chisakhwepe. "Mwakhoza," anatero, n'kupita kukasamba.

Anachoka Lolemba m'mawa atavala ovolosi ngati masiku onse. Nkhondo itatha anzake ena anabwera, owonda, olankhula pang'ono. Wanga sanabwere, ndipo palibe amene anandilozera manda ake.

Koma ife kulira tinayamba Loweruka lomwelo. Bambo ake atabwera kuchokera kutchalitchi anaima pachipata, n'kuyang'ana tcheni chonyezimira pa njinga yawo. Anayamba kumwetulira. Kenako maso awo anafika pa manja anga, akuda bii ndi girisi mpaka m'zikhadabo. Anangokhala pansi pafumbi pomwepo, ndi suti yawo yomwe.