Sutukesi ya Amai Kuseli kwa Chitseko

Sutukesi ya amai inali yofiilila, loko imodzi yothyoka, ndipo inkanunkha sopo ndi mphemvu. Chaka chimene ndinali giledi faifi ku Kalindawalo, aphunzitsi athu, munthu wobwela wa kumpoto, anaibweleka. Ankatiphunzitsa seŵelo lakale la azungu, la mkazi wotopa ndi mwamuna wake amene anyamula katundu n'kuchoka. Tinaliyeseza chilimwe chonse pansi pa mtengo wa mango, nyenje zikulila, fumbi likutiloŵa m'kamwa, kukonzekela tsiku la ufulu.

Tsikulo makolo anadzaza mabenchi, achipani kutsogolo. Mtsikana wa m'kalasi mwathu atanyamula sutukesi ija, anthu anafa nacho chiseko. Paja kwathu mwamuna ndiye amakhala kwa mkazi, zikavuta amangomuponyela bulangeti lake panja. "Apita kuti, mudzi si wake?" anakuwa amalume, akupukuta misozi. "Kapena alibe mlongo womutenga?"

Amalume omwewo! Amai anali achitengwa. Atate anawatenga ku Sandwe n'kubwela nawo kwawo, ndipo mkazi wachitengwa sanyamuka yekha, amadikila mlongo wake adzamutenge. Amai anali atatumiza mawu kwa amalumewo kangapo kuti adzawatenge, nthawi ina diso lili chitupile. Amalume anabweladi, koma pa njinga imene atate anawagulila. Anaonela seŵelo, anadya nkhuku, m'maŵa mwake n'kupalasa kubwelela okha. Munthu wogulidwa ndi njinga! Ali m'manda, koma ndimawanyoza mpaka lelo.

Masiku ano adzukulu anga a kukoleji amaŵelenga seŵelo lomwelo pa foni, n'kumati, "Aa, ine tsiku limodzi lokha, ndapita!" Mwapita kuti, inu? Munauonapo mseu wa ku Sandwe mvula itagwa, mwana kumsana, wina akukukoka chitenje? Pakamwa pokha basi. Kudzitama kwawoko ndi chiseko cha amalume, kwa ine n'chimodzimodzi, onse amaonela ali pa benchi.

Amai sanaseke tsiku lija. Sutukesi itabwelako kusukulu sanaibwezele pansi pa bedi. Anapindilamo zitenje zawo ndi malaya anga, n'kuiimika kuseli kwa chitseko. Dzinja lonse, belu la njinga likalila pamseu, ankasiya khasu n'kuŵelamuka, kuyang'ana mpaka njingayo itapitilila.

Ine pokolopa m'nyumba ndinkalephela kuisuntha. Ndinkangodabwa kuti seŵelo linatha kalekale, nanga sutukesiyi ikulemelelanji?